Bokosi la akalipentala: zolemba za ulendo wa ku York ndi London

Lolemba, York

Amalume abwera kuno ku England kudzationa, ndipo nditawafunsa kuti pa tchuthi changachi tikaone chiyani, anayankha msangamsanga kuti nyumba zakale zamatabwa. Munthu amene wakalambira pa benchi ya ukalipentala masitolo samusuntha mtima. Ndiye lero m'mawa tinakwera sitima ku Leeds, posakhalitsa tili ku York, mvula ikuwaza pang'onopang'ono.

Tinalunjika ku Fossgate, kumene kuli Merchant Adventurers' Hall. Nyumbayi imabisala kuseri kwa masitolo, umachita kulowera pa kachipata. Anayamba kuimanga mu 1357, mliri waukulu wa 1349 uja utangosesa anthu mumzindawu. Oimangawo anali amuna ndi akazi amene anapangana ubale wachipembedzo m'dzina la Yesu ndi Maria. Pofika 1430 ambiri mwa iwo anali amalonda a nsalu, ndipo mfumu inawapatsa chikalata chowavomereza ngati bungwe la ntchito yawo. Dzina lomwe ali nalo lero analandira mu 1581.

Tinayambira m'mwamba, mu holo yaikulu momwe ankachitira misonkhano ndi maphwando. Denga lake ndi lapawiri, pakati pali mzere wa nsanamira zikuluzikulu za mtengo wa oak, ndipo pansi pake m'popendekeka moti ukamayenda umamva ngati wina akukukoka. Amalume anaima pa nsanamira imodzi nthawi yaitali, akusisita ndi chala.

"Taona apa mphwanga. Anabowola mtengo uwu, anasongola uwo, n'kukhomera chikhomo chamtengo. Chitsulo chikanachita dzimbiri kalekale."

Anandionetsanso mikwingwirima yomwe akuti ndi ya kasemasema. Ine ndimangoona mtengo wakuda basi.

Chimene chandigwira mtima ine chili pansi. Ukatsika masitepe umalowa m'chipinda chachitali cha njerwa, chozizira, chamdima pang'ono, ndipo kumapeto kwake kuli katchalitchi. Muno munali chipatala, koma osati cha madokotala: munali mogona osauka. Malamulo amene bishopu wamkulu wa York, John Thoresby, anakhazikitsa mu 1373 anati muzikhala anthu 13 osauka ndi ofooka, ndipo anthu akhala akugona muno mpaka 1900. Mtsinje wa Foss uli pafupi kwambiri, madzi akhala akulowa kangapo, ngakhale mu Disembala 2015 analowa. Tangoganizani nkhalamba zikugona m'chinyontho chotere, m'mwambamo mabwana akupondaponda, fungo la nyama yootcha likutsikira m'ming'alu ya matabwa.

Komabe anawaika pansi pa denga lawo lomwe, osati kutali kunja kwa mzinda. Ndipo osaukawo sankadya zaulere. Ntchito yawo inali kupempherera amene anapereka chumacho, amoyo ndi akufa omwe. Anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mzimu umayamba wadutsa ku Purigatoriyo, ndi kuti pemphero la wosauka limafupikitsa masiku a kumeneko. Wolemera ankapereka bedi ndi makobiri, wosauka ankabweza mapemphero, aliyense akudziwa chimene mnzake akumufunira.

Lachiwiri, York

Tawoloka mtsinje wa Ouse kupita ku katchalitchi kena kotchedwa All Saints, mumsewu wa North Street. Alendo ambiri amathamangira ku Minster, tchalitchi chachikulu chija, kano amakadutsa. Mkatimo muli zenera la magalasi amitundumitundu la cha m'ma 1410, loonetsa ntchito zachifundo za pa Mateyu 25. Munthu mmodzimodzi wandevu, wovala bwino, akuoneka m'zithunzi zonse: apa akugawa buledi, apa akumwetsa aludzu, apa akulandira mlendo, apa akuveka wausiwa, apa waima pambali pa bedi la wodwala. Pa chithunzi cha kundende pali akaidi amene miyendo yawo yatsekeredwa m'matabwa obowola, mapazi ali panja. Ambiri amati wandevuyo ndi Nicholas Blackburn, wamalonda wolemera amene anakhalapo meya wa York. Ngati ndi iyeyo, ndiye kuti banja lake linaonetsetsa kuti aliyense wolowa m'tchalitchimo adziwe amene ankadyetsa anthu. Zaka 600 zapita ndipo ife tikumuonabe.

Ntchito zachifundo zimene Mpingo unkaphunzitsa zinali 7, koma pazenerapa pali 6 zomwe Mateyu anatchula. Yotsalayo ndi kuika maliro.

Masana tinadutsa mu Shambles, kamsewu ka ogulitsa nyama. N'kopanikiza kwambiri, nyumba zam'mwamba zatsala pang'ono kugundana mitu, ndipo pa nyumba zina ngowe zokolowekapo nyama zikadalipo. Lero muli masitolo a maswiti ndi zidole, anthu piringupiringu ndi mafoni. Tinapita kukakhala pa benchi poteropo, n'kuwawerengera amalume za momwe mabungwe a amisiri a kuno ankayendera.

Ntchito iliyonse, kaya opha nyama, owomba nsalu, osoka nsapato, inkasankha anthu ake oyendera. Iwowa ankalowa m'mashopu a anzawo kukaona ngati ntchito ikugwiridwa bwino, ndipo wopezeka ndi katundu wachinyengo ankalipira chindapusa. Kawirikawiri theka la chindapusacho linkapita ku khonsolo, theka ku bungwe. Sukanangofika mumzinda n'kutsegula shopu. Unkayenera kukhala mfulu ya mzindawo, ndipo njira zake zinali kubadwa kwa bambo amene anali mfulu kale, kutsiriza zaka zophunzira ntchito pakhomo pa mmisiri, nthawi zambiri 7, kapena kugula ndi ndalama. Anthu a ku Scotland sankafunidwa, moti m'mabuku a khonsolo a m'zaka za m'ma 1400 muli nkhani za amuna amene anachita kubweretsa umboni wotsimikiza kuti anabadwira ku England, chifukwa wina anawanena kuti ndi a kumpoto. Ku Bristol nako, mu 1461, owomba nsalu analetsedwa kuika akazi awo, ana awo aakazi ndi antchito aakazi pa ntchito yowomba, ati akulanda amuna ntchito.

Amalume anangoti, "Ndiye kuti chifundocho chinali cha a m'nyumba." Ndi momwemo ndithu. Mpanda umene unkateteza amkati ndi womwewo unkatsekereza akunja, ndipo sindikuona kuti chimodzi chikanakhalapo popanda chinzake. Bokosi la ndalama linkadzaza chifukwa mitengo ya katundu inali yotetezedwa, ndipo mitengoyo inkatetezedwa pothamangitsa mlendo.

Lachitatu, York

Bondo la amalume lavuta, choncho lero tayenda pang'ono chabe, kutsatira njira ya ngolo za masewero. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Corpus Christi, cholemekeza Thupi la Khristu, mabungwe a amisiri ankaonetsa nkhani yonse ya m'Baibulo, kuyambira kulengedwa kwa dziko mpaka chiweruzo, bungwe lililonse ndi ngolo yake ndi kachigawo kake. Ankasonkhana mbandakucha pa tchalitchi cha Holy Trinity mu Micklegate, n'kutsetsereka kukawoloka mlatho wa Ouse, kudzera Coney Street ndi Stonegate, kukathera pa Pavement. Pa malo aliwonse oikika ngolo inkaima, sewero n'kuchitika, ina ikubwera m'mbuyo. Kalaliki wa mzinda, Roger Burton, analemba mndandanda wake mu 1415.

Kagawidwe kake ndi komwe kanawaseketsa amalume mpaka kuiwala bondo. Okhoma zombo anapatsidwa Nowa akukhoma chingalawa. Asodzi ndi amalinyero, chigumula. Osula golide, anzeru a kum'mawa aja ndi mphatso zawo. Ophika buledi, mgonero womaliza. Opha nyama, imfa ya Yesu. Opanga mapini, amene moyo wawo wonse unali kusongola tizitsulo, anapatsidwa kukhomera Yesu pamtanda.

"Aliyense ankatsatsa malonda ake," anatero amalume.

N'zoona, koma panalinso china. Mmisiri aliyense ankasonkha ndalama ya ngolo, wofuna ndi wosafuna yemwe, ndipo bungwe lochita sewero lake mwaulesi linkalipitsidwa. Ntchito zing'onozing'ono zosakwanitsa pazokha zinkaphatikizidwa ndi zina kuti zinyamulire limodzi. Anthu amene masiku onse ankalimbirana makasitomala ankakakamizika kukankha ngolo imodzi. Sewero lotsiriza, la chiweruzo, linali la amalonda a nsalu aja tinawaona Lolemba, poti ndiwo anali ndi ndalama. Chikalata chawo cha 1433 chimatchula katundu wa pangolopo: kukamwa kwa gehena, zigoba zakumaso za ziwanda, utawaleza wamatabwa, ndi mpando wachitsulo wokokedwa ndi zingwe zinayi wokwezera Mulungu kumwamba. Ndipo funso lomwe Woweruza ankafunsa usiku umenewo, mzinda wonse ukumva, linali lomwe lija la pazenera: munandidyetsa kodi, munandiveka kodi?

Masewerowa anachitika komaliza mu 1569, anadzawadzutsanso mu 1951. Masiku ano mabungwe amene atsala mumzindawu amatulutsabe ngolo pakapita zaka zingapo.

Lachinayi, London

Sitima yochoka ku York kufika ku King's Cross imatenga pafupifupi maola awiri. Amalume anagona njira yonse.

Titasiya zikwama tinapita ku London Wall, kumene kuli holo ya akalipentala. Akhala pamalo amenewa kuyambira 1429, ngakhale nyumba yomwe ilipo ndi yatsopano, yakale inapsa ndi mabomba mu 1941. Salowetsa anthu wamba, choncho tinangoima panja pakati pa nyumba zazitali za mabanki, amalume akuyang'ana zitseko. Chimene ndinawabweretsera pano si nyumbayo koma malamulo a ubale wa akalipentala a London a 1333. Anapulumuka mwamwayi. Mu 1388 nyumba ya malamulo, m'nthawi ya mfumu Richard II, inalamula kuti mabungwe onse alembe chiyambi chawo, malamulo awo ndi chuma chawo, atumize ku boma. Akuluakulu anali asanaiwale kuukira kwa anthu wamba kwa 1381, ndipo gulu lililonse lolumbiritsana linkawadetsa nkhawa. Mayankho oposa 500 alipobe, ndipo la akalipentala ndi limodzi mwa iwo.

Ndinawamasulira amalume ndime ndi ndime titakhala pa kampanda. Mbale ndi mlongo aliyense azipereka makobiri 12 pa chaka othandizira odwala, ndipo akutchula ngozi zake: kugwa padenga, kudzitema ndi nkhwangwa. Apa amalume anandionetsa chipsera cha pa chala chawo chamanthu osanena kanthu. Wodwala amene sangathe kudzithandiza, akagona milungu iwiri, azilandira makobiri 14 pa mlungu. Ngati mbale akungokhala chifukwa chosowa ntchito, ndipo mbale mnzake ali ndi ntchito yomwe iyeyo angaithe, ayambe walemba mbale wakeyo asanaitane wina aliyense.

Amalume anatulutsa cholembera n'kuyamba kuwerengera kuseri kwa risiti. Makobiri 14 kuchulukitsa ndi milungu 52, akukwana 728. Kugawa ndi 12.

"Mphwanga, munthu mmodzi akagona chaka chathunthu, wadya chopereka cha anthu 60. Nanga akagwa awiri?"

Ndipo m'pamene pagona nkhani. Lonjezo linali lalikulu kuposa bokosi. N'chifukwa chake malamulo a mabungwe amenewa ali ndi zotchinga zambirimbiri. Ayambe wagona milungu iwiri. Umphawi wake ukhale wobwera ndi dzanja la Mulungu, osati uchitsiru wake, mowa kapena juga. Ena ankati akhale atalipira zaka zingapo osadumphitsa. Pafupi pomwepa pali tchalitchi cha All Hallows-on-the-Wall, komwe ofufuta zikopa zoyera ankayatsa kandulo yawo pamaso pa chithunzi cha Maria. Malamulo awo a 1346 amati wokalamba kapena wolephera kugwira ntchito azilandira makobiri 7 pa mlungu, ngati ali wa mbiri yabwino. Akamwalira, mkazi wake azilandira 7 omwewo, malinga akhale wakhalidwe ndipo asakwatiwenso. Ndiye kuti mayi wamasiyeyo anali ndi maso a bungwe lonse pakhomo pake: ndani walowa, watuluka nthawi yanji. Kobiri lililonse linkabwera ndi diso.

Ofufuta zikopawo ali ndi lamulo lina limene ndalikonda. Chikopa chikakhala pakati pa ntchito sichidikira. Choncho anagwirizana kuti mnzawo akakhala ndi ntchito m'nyumba yomwe sangaimalize, ndipo ili pafupi kuwonongeka, ena onse apite akamuthandize. Amenewa anali opikisana naye pamsika, amene akanapindula iye akagwa.

Koma chimene mabungwe onsewa sankachiphonya, bokosi lidzaze lisadzaze, ndi chija chinasowa pazenera la ku York. Akalipentala analemba kuti mbale kapena mlongo akamwalira wopanda choikira maliro, bokosi liike. Akafera kunja kwa mzinda, mpaka mtunda wa mamailosi 12, akuluakulu a bungwe apite komweko akamuike. Abale ankayenera kufika pamaliro, kuyatsa makandulo ndi kupereka ya Misa, ndipo m'mabungwe ambiri wojomba popanda chifukwa ankalipira phula la makandulo. Ife a kuno sitifunika kutiuza zambiri pa nkhani imeneyi. Mmalawi akamwalira ku Leeds kapena ku Manchester, uthenga umazungulira pa WhatsApp usiku womwewo, mndandanda wa opereka n'kuyamba kutalika mpaka thupi litakwera ndege, ndipo aliyense amaona dzina limene palibe. Munthu ungapirire kudwala wekha, koma kuikidwa ngati galu ayi.

Lachisanu, London

Lero tazungulira timisewu ta pakati pa mzinda, mayina ake okha akukuuza amene ankakhalamo: Bread Street, Milk Street, Ironmonger Lane. Mu Threadneedle Street muli holo ya matelala, amene akhala pamenepo kuyambira 1347. Cha m'ma 1413 anamanga pafupi pomwepo tinyumba 7 ta matelala okalamba osauka, ndipo amati ndi bungwe loyamba mu London kuchita zimenezi. Telala maso akafooka ntchito yathera pomwepo, ndiye n'zosadabwitsa kuti anayamba ndi iwowo.

Tinatsikira ku College Hill, kumene Richard Whittington, wamalonda a nsalu amene anakhala meya wa London kangapo, ankakhala. Anamwalira mu 1423 wopanda mwana, ndipo chuma chake chinamanga nyumba ya osauka 13 mu 1424, pansi pa ulamuliro wa bungwe la amalonda anzake. Okhalamo ankayenera kupempherera iye ndi mkazi wake Alice tsiku lililonse. Nyumbayo anaisamutsa, pano ili ku Felbridge, kumwera kwa London, ndipo bungwe lomwelo likuisamalabe.

Malo amene ndinkafunitsitsa kufika ndi tchalitchi cha St Vedast mu Foster Lane, kuseri kwa St Paul's. Nkhani yake ndi ya anyamata olembedwa ntchito kwa opanga zishalo za akavalo, aja anatsiriza kuphunzira koma alibe ndalama yotsegulira shopu yawoyawo. Iwo anaona kuti bungwe ndi la mabwana, ndiye anapanga ubale wawo, ndi yunifolomu yawo, n'kumabwera kudzamva Misa m'tchalitchi muno polemekeza Maria. Mu 1396 mabwana anakawasumira kwa meya, ati chipembedzocho n'chophimba chabe, kwenikweni akupangana zokweza malipiro, ndipo malipirowo akwera kale kuposa kawiri. Anadandaulanso kuti mnzawo akamwalira anyamatawo amasiya ntchito kupita kukachezera maliro popanda chilolezo. Meya anagamula mokomera mabwana, ubalewo unaletsedwa, ndipo anyamata anauzidwa kuti azikhala pansi pa ulamuliro wa akuluakulu a bungwe, omwe ndi mabwana omwewo.

Amalume anapukusa mutu. "Maliro a bwana ndi chifundo, maliro a wantchito ndi kujomba."

Ine ndikuganiza kuti mabwanawo sananame. Anyamatawo ankakambadi za malipiro, nanga anthu osauka akakumana pamaliro amakamba chiyani? Koma n'zomwenso mabwana ankachita paphwando lawo: kupemphera, kudya, kenako kugwirizana mitengo.

Mbali yachipembedzo ya zonsezi inadulidwa mu 1547, m'nthawi ya mfumu Edward VI, pomwe lamulo linalanda chuma chonse choperekedwa kuti chizilipira Misa za akufa. Chiphunzitso cha Purigatoriyo chinakanidwa, makandulo anazimitsidwa, ndipo maubale ambiri a m'matauni ang'onoang'ono ndi m'midzi anatheratu pamodzi ndi mabokosi awo. Mabungwe olemera a London anapulumuka chifukwa anali ndi ntchito yoloza, komanso ndalama zowombolera malo awo kwa mfumu mu 1550. Osauka amene kale ankathandizidwa ndi abale a bungwe anagwera pa parishi, ndipo pofika 1601 boma linali litakhazikitsa msonkho wokakamiza wothandizira amphawi. Mabungwe a London alipobe opitirira 100, ambiri mamembala ake sanagwirepo tchizulo kapena singano, koma amayendetsa masukulu ndi nyumba za okalamba ndi ndalama za lendi ya malo amene anasiyiridwa kalekale.

Kwa amene mukufuna kudzaona, holo zambiri za kuno ku London zimakhala zotseka, zina amatsegula pa masiku apadera mu Seputembala, choncho muyambe mwafufuza musanawononge ya sitima. Ya ku York ija mumalowa polipira pakhomo. Mawa tikwera sitima yapansi kupita ku Stratford, kum'mawa kwa mzinda, kumene bungwe la akalipentala lili ndi sukulu yophunzitsa ntchito zamanja yomwe linayambitsa mu 1893. Amalume akufuna akaone ngati ana a kumeneko amawaphunzitsabe kubowola ndi tchizulo kapena zonse ndi makina, ndipo andiuza kuti ndikawapemphere kuti awalole kugwirako pulena.